Mwana akalira ndi kunjenjemera usiku, yambani mwamukhudza thupi



Sabata ino ndalandira mafunso atatu ofanana ku inbox. Limodzi ndilifotokoze mwachidule. Mwana wa zaka 2 ndi theka amagona bwinobwino madzulo, koma ikamakwana 10 koloko usiku amadzambatuka n'kuyamba kukuwa ngati wapsa ndi moto. Maso amakhala ali tong'o, thupi likunjenjemera, thukuta lili kamukamu. Mayi ake akamunyamula amawakankha ngati sakuwadziwa. Pakapita mphindi zingapo amangogonanso yekha, ndipo m'mawa amadzuka n'kumaitanitsa phala ngati sipanachitike kanthu. Mayiwo anamaliza ndi funso lakuti, "Anesi, kodi mwana wangayu wayamba khunyu? Apongozi anga akuti pali amene akumamutenga usiku."

Ndasankha kuyankha pagulu chifukwa nkhawa imeneyi ili m'makomo ambiri, kungoti ena amachita manyazi kufunsa. Maganizo anga ndi akuti pa nkhani imeneyi ambirife timaopa zosayenera kuopa, n'kumapeputsa zoyenera kuthamangira. Mwana wokuwa m'tulo thupi lisakutentha, amene kawirikawiri alibe vuto loopsa, timapita naye kukamutemera mphini n'kuyamba kuloza zala nkhalamba za m'mudzi. Koma mwana amene wakomoka thupi likutentha ngati moto, amene angathe kutisiya kusanache, timamufunditsa bulangete n'kumati, "Tione mmene kuchere."

MANTHA A M'TULO

Zimene anafotokoza mayi aja zikufanana kwambiri ndi zimene kuchipatala timazitchula m'Chingerezi kuti night terrors. Ine ndimangoti mantha a m'tulo. Tulo ta munthu sitikhala chimodzimodzi usiku wonse. Maola oyambirira timagona tulo tofa nato, kenako timapepukirako, n'kumasinthasintha choncho mpaka kucha. Mwa ana ena aang'ono, pochoka m'tulo tofa nato tija, ubongo umakhala ngati wakodwa pakati. Thupi ladzuka koma mwini wake adakali m'tulo. Ndiye chifukwa chake zimakonda kuchitika pakadutsa ola limodzi mpaka maola 3 chigonereni. Mwanayo sakuzindikirani ngakhale maso ali otsegula, ndipo m'mawa sakumbuka kalikonse.

Zimenezi n'zapachibale ndi kuyenda m'tulo komanso kubwebweta, ndipo zimatsata kumtundu. Mukawafunsa bwino apongozi omwewo, mwina akuuzani kuti bambo a mwanayu nawonso ali aang'ono ankadzuka usiku n'kumafufuza chitseko ali m'tulo. Zimachuluka mwana akatopa kwambiri, akapanda kugonako masana, akagona mochedwa monga pa maliro kapena pa ukwati, akagona malo achilendo, kapena akagona asanakodze. Kutentha thupi nakonso kumatha kuziyambitsa, choncho musaleke kumukhudza. Mantha a m'tulo saononga ubongo, si khunyu, ndipo ana ambiri amawasiya okha akamakula.

Zikachitika musamudzutse, musamugwedeze, musamuthire madzi, musamukalipire. Mukamudzutsa mokakamiza mumangomusokoneza, kulirako n'kupitirira. Khalani pafupi, chotsani koloboyi, mbaula ndi chilichonse chimene angadzivulaze nacho, onetsetsani kuti chitseko n'chotseka, lankhulani naye motsitsa mawu ndipo dikirani. Agonanso yekha. Ngati zikuchitika nthawi yofanana masiku ambiri, yang'anani nthawiyo pafoni kwa sabata imodzi, kenako muzimusisita pang'ono kuti atakatakeko patatsala mphindi 15 kuti nthawi ija ikwane. Kwa ana ena zimathandiza. Chothandiza kwambiri ndi kumugoneka msanga, nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, atadya komanso atakodza.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupempha kuti tisiye. M'mawa musamukhazike pansi mwana n'kumamupanikiza kuti, "Unapita kuti usiku? Anakutenga ndani?" Mwana wa zaka 3 sakumbuka chimene chinachitika, koma amafuna kusangalatsa akuluakulu. Mukamutchulira dzina la agogo a kuseri kwa nyumba avomera basi. Mabanja apasuka ndipo okalamba amenyedwa chifukwa cha mayankho a mwana amene anali m'tulo. Kumbukiraninso kuti lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti.

Maloto oopsa ndi osiyana ndi zimenezi. Amakonda kubwera cha kumbandakucha, mwana amadzuka ndithu, amakuzindikirani, amakukakamirani, ndipo ngati amalankhula amakuuzani za galu kapena njoka imene walota. Ameneyu mukumbatireni ndi kumutonthoza. Palinso kulira kwa khutu lopweteka, kwa mano akamatuluka, kwa njala, kwa nsikidzi, ndi kwa tinjoka ting'onoting'ono timene timayabwa kumatako usiku. Pa zonsezi mwana amakhala akudziwa kuti amene wamunyamula ndi mayi ake.

KUNJENJEMERA KOZIZIDWA

Mwana akamayamba kutentha thupi amatha kunjenjemera mpaka mano kumagundana. Ameneyu amakhala ali maso, amakuyang'anani, mukamuitana amayankha kapena kulira. Kumeneku si kukomoka, koma ndi chizindikiro chakuti thupi likutentha kapena latsala pang'ono kutentha. Musamuunjikire mabulangete. Mupatseni zakumwa, muyamwitseni ngati adakayamwa, ndipo akayezedwe malungo tsiku lisanathe. Kuno kwathu mwana wosakwana zaka 5 akatentha thupi sitidikira masiku awiri.

KUKOMOKA KWENIKWENI

Mwana wokomoka kawirikawiri salira motalika ngati wa mantha a m'tulo uja. Mwina amakuwa kamodzi poyamba kenako n'kukhala chete. Thupi limauma gwa, kenako manja ndi miyendo zimayamba kukoka mobwerezabwereza. Maso amatembenuzika kapena amangoyang'ana mbali imodzi. Kukamwa kumatuluka dovu kapena thovu, milomo imatha kuda, ena amadzikodzera kapena kudziluma lilime. Mukamuitana sayankha. Mukagwira dzanja lake mosafinya, kukokako kumapitirira m'manja mwanu momwemo. Zikatha amakhala wofooka, wosokonezeka, kapena amagona tulo tolemera.

Nthawi zina kukomoka sikuoneka kwambiri chotero. Kumangokhala kugwedera kwa mbali imodzi ya mlomo, chala chimodzi kapena chikope, mwana ali phee osayankha. Mwa mwana wotentha thupi, nakonso n'koopsa chimodzimodzi.

Zoona zake n'zakuti ana ena a miyezi 6 mpaka zaka 5 amakomoka chifukwa cha kutentha thupi kokha, ngakhale kobwera ndi chimfine. Kukomoka kotereku kawirikawiri kumatha mphindi 5 zisanakwane, sikuononga ubongo, ndipo si khunyu. Mwana mmodzi mwa atatu otere amadzakomokanso tsiku lina akatentha thupi, koma akamakula zimatha. Zimenezi zikukhazikeni mtima pansi, koma zisakugonetseni pakhomo. Usiku, m'nyumba mwanu, simungasiyanitse kukomoka kwa kutentha thupi chabe ndi kwa malungo ogwira ubongo kapena kwa matenda oumitsa khosi. Ngakhale ine, ndi zaka zanga zonse pa ntchitoyi, sindingasiyanitse ndi maso okha popanda kuyeza. Ndiye lamulo langa ndi limodzi. Mwana akakomoka thupi likutentha, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale atatsitsimuka n'kuyamba kuyamwa.

Tsiku lina ndili pa ntchito anabwera ndi mwana wamkazi wa zaka 3 dzuwa lili paliwombo. Anayamba kukomoka usiku wa dzulo lake. Makolo ake anali anthu okonda mwana wawo kwambiri. Anagona naye m'manja usiku wonse, anamufukiza mankhwala, anadikira malume ake kuti abwere adzagamule. Titamuyeza tinapeza malungo, shuga wa m'magazi atatsika kwambiri. Anapulumuka, koma anatuluka m'chipatala asakutha kulankhula ngati kale. Mayi ake anandifunsa ngati zikanasintha akanabwera usiku womwewo. Funso limenelo limandibwererabe.

Madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre anachitapo kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2010. Anatsatira ana 132 amene anapulumuka ku malungo ogwira ubongo, ndipo 12 mwa iwo anadzayamba matenda a khunyu. Mwa ana 264 amene anawayerekeza nawo, amene sanadwale malungo oterewa, panalibe ndi mmodzi yemwe. Mukuona mmene nkhaniyi ilili. Matenda a khunyu amene timawaopa aja, kwa ana ena amayambira pa malungo amene anafika mu ubongo. Neti, kuyezetsa msanga ndi kumaliza mankhwala a LA ndi njira yotetezera ubongo wa mwana, pomwe mphini siziteteza kanthu.

ZOCHITA MWANA AKUKOMOKA

1. Mugonekeni chammbali pansi, pamphasa kapena pachitenje, kutali ndi moto ndi madzi. Ikani kansalu pansi pa mutu.

2. Musaike kanthu kalikonse m'kamwa, kaya supuni, kamtengo, chala kapena nsalu. Munthu sangameze lilime lake. Supuni imathyola mano ndi kutseka mpweya.

3. Musamumwetse madzi, phala, Panado kapena mankhwala azitsamba mpaka atatsitsimuka bwinobwino. Mwana wokomoka sameza, ndipo zimene mwathirazo zimapita m'mapapo.

4. Musamupanikize kuti asiye kugwedezeka. Musamuviike m'madzi ozizira, musamufukize utsi, musayandikize mapazi ake kumoto.

5. Muvuleni zovala zolemera ndi kumasula zothina pakhosi.

6. Yang'anani nthawi pafoni. Wina athamangiretu kukaitana njinga. Kukomoka kukafika mphindi 5 kusanathe, munyamuleni ali chammbali chomwecho muzipita. Kuchipatala kuli mankhwala oletsa kukomoka, timayeza malungo ndi shuga, ndipo malungo aakulu timabaya jakisoni.

Ngati m'mudzi mwanu muli kiliniki ya mlangizi wa zaumoyo ndipo ili panjira, dzerani pomwepo. Akakhala nawo, amatha kuika mankhwala oyamba a malungo kunjira ya chimbudzi n'kukulemberani kalata. Koma amenewo ndi ongothandiza paulendo. Pitirirani mpaka kuchipatala ngakhale mwana aoneke ngati wapezako bwino.

Zizindikiro zina zonyamukira usiku womwewo ndi izi: mwana akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse, wafooka kwambiri kapena sakudzuka mukamudzutsa, khosi lauma, akupuma movutikira, kapena zikhatho zayera. Mwana wokomoka koyamba m'moyo wake, ngakhale thupi lisakutentha, nayenso akaonedwe mosachedwa.

Panado amathandiza mwana kumva bwino thupi likatentha, koma saletsa kukomoka ndipo sapha tizilombo ta malungo. LA wotsala wa mchimwene wake nayenso musamupatse mwana asanayezedwe.

"KOMA ANESI, KUCHIPATALA N'KUTALI"

Ndikudziwa kuti ena mukuwerenga uku mukuti, "Anesi akulankhula ali m'tauni." Kwanuko chipatala chili pa mtunda wa maola awiri, kunja kuli mdima, mtsinje wadzaza, wa njinga yamoto akufuna ndalama, bambo a ana ali ku Joni kapena kunyanja. Zimenezi n'zoona ndipo sindikuzipeputsa. Chifukwa cha zovuta zomwezo ndikuti nkhaniyi izikambidwa masana, mwana ali bwino akusewera pabwalo. Sungani padera ndalama ya kabaza, imene simungaikhudze ngakhale mchere utatha. Amayi a banki m'khonde, ikani thumba la zadzidzidzi. Nambala ya wa njinga yamoto ikhale m'foni, tochi ndi buku la kusikelo zikhale pamalo amodzi odziwika. Dziwanitu mnansi amene angakuperekezeni usiku.

Azibambo, apongozi ndi amalume, apa ndikulankhula ndi inu mwaulemu wonse. Auzirenitu amayi a mwanayo lero kuti mwana akadzakomoka asadzadikire chilolezo cha wina aliyense. Mayi ambiri amadziwa chochita, koma amaopa kudzanenedwa kuti anapita okha osauza eni mbumba. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo pa malungo a mwana maola a usiku umodzi ndi ambiri.

Ena mumati kuchipatala amatikalipira, makamaka tikawadzutsa usiku. Ndikuvomereza kuti ena mwa ife anamwino tili ndi pakamwa poipa, ndipo n'kulakwa. Anzanga a ntchito amene mukuwerenga, mayi amene wayenda mumdima ndi mwana kumbuyo ayenera kulandiridwa bwino, ngakhale titapeza kuti anali mantha a m'tulo chabe, ngakhale mwana atabwera ndi mphini zatsopano. Tikamunyoza lero, ulendo wina adzadikira kuche. Koma inu amayi, mawu okalipa asakubwezeni. Mawu amapola, mwana sabwerera.

Za mapemphero sindiletsa. Inenso ndimapemphera. Pempherani muli panjira, abusa akupezeni kuchipatala.

NANGA AKAKHALA KUTI NDI KHUNYU?

Timayamba kuganizira za khunyu mwana akakomoka kawiri kapena kuposerapo, masiku osiyana, popanda kutentha thupi kapena chifukwa china chooneka. Pali khunyu la mtundu wina limene limakonda kugwira usiku, ndipo limatha kusokonezedwa ndi mantha a m'tulo. Pitani naye akamuone ngati zikuchitika kangapo usiku umodzi, ngati nthawi zonse thupi limauma kapena kukoka mofanana, ngati amadzuka atadziluma lilime, ngati zimachitikanso masana, ngati m'mawa amakhala wofooka kapena mbali imodzi ya thupi ili yolefuka, kapena ngati wayamba kuiwala zimene ankatha monga kuyenda ndi kulankhula.

Amene muli ndi foni yojambula, wina ajambule kanema pamene inu mukusamala mwanayo. Kanema wa mphindi imodzi amatithandiza kuposa kufotokoza kwa anthu asanu, chifukwa pofika kuchipatala mwana amakhala akuseka ndipo ife sitinaone kanthu. Opanda foni yotere, sungani m'mutu zinthu izi: zinayamba nthawi yanji, zinatenga nthawi yaitali bwanji, maso anali otani, thupi linkatentha kapena ayi, ndipo zitatha anali bwanji.

Akakuuzani kuti ndi khunyu, dziko silinathe. Ndi matenda a mu ubongo ngati mmene mphumu ilili matenda a m'chifuwa. Sapatsirana kudzera m'malovu, m'mpweya woipa, pogwirana kapena podyera mbale imodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 7 mwa 10 alionse odwala khunyu angathe kukhala osagwa ngati atalandira mankhwala oyenera. Mankhwala monga phenobarbitone, carbamazepine ndi sodium valproate amaperekedwa m'zipatala zathu. Chofunika ndi kumwa tsiku lililonse, kukatenga ena asanathe, ndi kusasiya mwadzidzidzi ngakhale mwana atatha miyezi osagwa. Mwana wotere asamasiyidwe yekha pamoto, pachitsime kapena kumtsinje, chifukwa zimene zimavulaza ambiri ndi kupsa ndi kumira. Koma azisewera ndi anzake ndipo nthawi ikakwana apite kusukulu. Kumubisa m'nyumba kumamupweteka kuposa matendawo.

KWA INU AMAYI AMENE MUNAFUNSA

Malinga ndi mmene mwafotokozera, mwana wanu akuoneka kuti ali ndi mantha a m'tulo. Sindinamuone ndi maso, choncho mukamapita kusikelo mukafotokoze zonse, ndipo ngati mungathe mukaonetse kanema. Apongozi anu musakangane nawo. Nawonso akuopera mdzukulu wawo. Awerengereni uthengawu, ndipo muwafunse mmene mwana wawo ankagonera ali wamng'ono.

Usiku uno zikachitikanso, yambani mwaika dzanja pamimba kapena m'khwapa mwake kuti mumve ngati akutentha. Kenako onani ngati akungokuwa ndi kuphiriphitha, kapena ngati thupi lauma n'kumakoka mobwerezabwereza. Ngati sakutentha, akungokuwa, kenako wagona bwino akupuma bwino, inunso gonani. Ngati akutentha ndipo wakomoka, kapena sakudzuka, tengani chitenje, tochi ndi buku la kusikelo muzipita.

Amene muli ndi achibale kumudzi opanda foni, awerengereni kapena kawafotokozereni mukapita. Ana agone m'neti usiku uliwonse. Mugone bwino nonse.